Kamwana ka pa Lizulu

Kanatuluka m'belo la kaunjika pa Lizulu,
katakulungidwa m'juzi ya mwana wa kutsidya kwa nyanja,
khosi lalifupi ngati mpini wa kambwiri,
nsambo zinayi, ziwiri zili lende.
Wogulitsa anati, chidole ichi, wofuna atenge.
Lusiyano Ngozo anapereka mtengo wa theka la ndowa ya kachewere
n'kukabisa m'thumba la feteleza ngati waba nkhuku.

Tinaseka. Ine ndinaseka kuposa onse.
Munthu wosenza matumba a kabichi,
zala ngati zinangwa,
n'kumakodola kanthu koti mwana wa sitandade wani angachite nako manyazi?
Mphunzitsi wa ku Mlanda ndiye anatiuza dzina lake: yukulele.
Ife tinangoti Kamwana.

Chino n'chaka chachisanu ndikukhala pambali pake,
ine ndi milu yanga ya anyezi, iye ndi Kamwana pachifuwa,
ndipo ndaona kuti kalibe mtundu.
Basi ya ku Limbe ikaima, amakatekenya ndi kwela,
anthu n'kutulutsa mitu m'mawindo, kuiwala chenje.
Anyamata a kabaza akazungulira, kamasanduka rege,
kumayenda chotsimphina koma kakumwetulira.
Kutsidya kwa msewu, kumene kuli Mozambiki,
amayi a tomato akakuwa Chipwitikizi chawo,
amawaponyera marabenta kudumpha phula
popanda pasipoti, popanda msilikali wofunsa.

Tsiku lina anafika madoda atatu,
zishango m'manja, akuchokera ku ukwati,
anati, ngoma siivinidwa ndi waya, mphwanga.
Lusiyano sanayankhe.
Anagwira nsambo zonse kuti zikhale chete,
n'kugogoda pamimba pa Kamwana ndi chala chachikulu,
di, di, di,
mpaka mmodzi mwendo unam'pereka,
fumbi linadzuka, linagwera pa anyezi anga.

Nsambo zomwe kanabwera nazo zinatha kalekale.
Yoyamba tsopano ndi waya wa buleki ya njinga,
yachiwiri ulusi wa neti ya udzudzu wopota kasanu,
yachitatu akuti n'chinsinsi,
yachinayi imaduka Juni aliyense
nkhungu ikatsika m'phiri ndi chisanu choluma m'mafupa.

Mwamuna wanga atagundidwa ndi lole ya simenti pamsewu womwewu,
kwaya sinafike, mvula itakokolola mlatho.
Usiku wa pasiwa, amuna ali pamoto panja,
ndinamva kanthu kakulira kuseri kwa nkhokwe,
pang'onopang'ono, ngati kakuopa kudzutsa wogonayo:
nyimbo ya kutchalitchi
yomwe malemu ankaimba molakwitsa akamameta ndevu.
Lusiyano anaiimba ndi kulakwitsa komweko,
pamalo pomwepo.
Apo m'pamene ndinalira zenizeni.

Sindinamuthokoze. Pamsika sitithokozana choncho.
Ndimangoponya anyezi awiri m'chipewa chake madzulo,
iye n'kuyang'ana kumbali ngati sanaone.

Dzulo wandiuza kuti zala zayamba kuuma,
nyamakazi yalowa m'chala chogogodera chija,
ndipo mwana wake Felesiya, wa folomu thu,
akumakatenga Kamwana mobisa
kukaimbira anzake zinthu za pafoni
zomwe ine sindizimva mutu wake.
Ndinafunsa, nanga sukwiya?
Anapukuta fumbi pakhosi pake ndi mkono wa malaya,
anati, kanabwera m'juzi ya mwana,
ine ndinkangokasungira mwini.

Ndikanamuyankha,
koma basi ya ku Lilongwe inali itaima,
ndinathamanga, beseni pamutu, kukuwa mtengo,
kumbuyo kwanga nsambo yachinayi ikulira,
yosachunidwa bwino,
ikundiperekeza mpaka pawindo.